Zithunzi zakuda ndi zoyera: tichotse mitundu pojambula kapena pambuyo pake?

 

Kale munthu akakhala ndi chithunzi chakuda ndi choyera ankachiika kumapeto kwenikweni kwa alubamu, chifukwa chinkaoneka chachikale, cha anthu osowa ndalama zojambulitsa cha kala. Lero zinthu zatembenuka. Achinyamata amene ali ndi mafoni otha kujambula mitundu yonse ya padziko ndi amene akuichotsa dala. Zithunzi za chinkhoswe, za ukwati, za tsiku lomaliza maphunziro, ngakhale za mwana wobadwa kumene, zambiri zimene mumatitumizira pa WhatsApp zikumabwera zotuwa ngati za nthawi ya atsamunda. Sindikudandaula ayi, ndimazikonda kwambiri. Koma pali funso limene anthu okonda kujambula akhala akukangana kuyambira pomwe makamera a digito anafika, ndipo lafika mpaka mu sitafurumu mwathu: kodi n'kwabwino kuiuza kamera kuti ijambuliretu chakuda ndi choyera, kapena kujambula cha mitundu n'kudzachotsa mitunduyo pambuyo pake pa kompyuta kapena pa foni pomwepo?

Ndinene maganizo anga poyambirira pomwe kuti amene ali ndi mulu wa makope oti achonge asataye nthawi. Diso liziona zakuda ndi zoyera pa nthawi yojambula, koma fayilo izisunga mitundu. Zifukwa zake ndi ziwiri: china ndi cha sayansi, china ndi cha udindo umene tili nawo kwa anthu amene timawajambulawo.

Tiyambe ndi sayansi. Ambiri amadabwa akamva kuti kamera ya digito siona mtundu ngakhale pang'ono. M'kati mwake muli kachipangizo kotchedwa sensa, kamene kali ndi timadontho mamiliyoni, ndipo kadontho kalikonse kamangodziwa chinthu chimodzi basi: kuwala kumene kwagwa pa iko n'kochuluka bwanji. Kamera yoyamba ya digito, imene Steven Sasson anapanga ku kampani ya Kodak mu 1975, inali ndi timadontho 10,000 tokha, inkajambula zakuda ndi zoyera, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti ilembe chithunzi chimodzi pa tepi ya kaseti. Kuti mitundu ipezeke, mnzake wa pa kampani yomweyo, Bryce Bayer, anaganiza zovindikira kadontho kalikonse ndi kasefa ka mtundu umodzi, ndipo nzeru imeneyi inalembetsedwa m'dzina lake mu 1976. Theka la timadontho timavala sefa yobiriwira, gawo limodzi mwa magawo anayi sefa yofiira, gawo lotsalalo ya buluu. Kenako kakompyuta ka m'kamera kamayerekeza kadontho ndi anzake oyandikana nawo n'kuwerengetsa mtundu wa malo amenewo.

Nzeruyi si yatsopano kwenikweni. Mu 1861 James Clerk Maxwell, yemwe uja wa magetsi ndi maginito, anaonetsa ku London chithunzi cha mitundu cha kansalu, chimene chinapangidwa pojambula zithunzi zitatu zakuda ndi zoyera kudzera m'magalasi atatu, lofiira, lobiriwira ndi la buluu, n'kuziwalitsa pamodzi pa khoma. Choncho chithunzi chilichonse cha mitundu chimene chili m'foni mwanu ndi zithunzi zitatu zakuda ndi zoyera zosanjikizana. Mfundo imeneyi muigwiritse, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Tsono chimachitika n'chiyani mukasankha mawu aja akuti Monochrome kapena B&W pa kamera? Sensa ija siisintha, masefa aja sachoka. Kamera imajambulabe zithunzi zitatu zija, n'kuziphatikiza kukhala chimodzi motsata muyeso umene anaiikira ku fakitale, n'kusunga chophatikizacho ngati JPEG, zitatu zija n'kutaya. Muyeso wodziwika kwambiri umatenga pafupifupi magawo 30 pa 100 kuchokera ku kufiira, 59 ku kubiriwira ndi 11 ku buluu, potengera mmene diso la munthu limamvera kuwala kwa mitundu imeneyi. Ndiye kuti amene amati "ine ndimajambula chakuda ndi choyera chenicheni, sindisintha pa kompyuta" akudzinamiza pang'ono. Kusinthako kwachitika ndithu, kungoti wasintha ndi munthu wina wa ku Japan kapena ku China amene sanafikeko ku Mhuju, ndipo wasintha mosafunsa mwini chithunzi. Makamera opanda masefa aja alipo, monga Leica M Monochrom imene inatuluka mu 2012 pa mtengo wa pafupifupi madola 8,000 a ku America, ndipo foni ya Huawei P9 ya mu 2016 inali ndi diso lachiwiri lopanda masefa. Amenewo ndiye amajambuladi zakuda ndi zoyera kuchokera pa gwero. Koma pa malipiro a mphunzitsi, za Leica tingozimvera kwa ena.

Vuto la muyeso wa ku fakitale limaoneka msanga kwathu kuno, chifukwa dziko lathu ndi la kufiira ndi kubiriwira. Mitundu iwiriyi diso limaisiyanitsa patali, koma ikasanduka phulusa imayandikana kwambiri. Kwerani ku mapiri a Phoka nthawi yothyola khofi, mujambule nthambi imene yapsa bwino. Ndi maso, zipatso zofiira zija zimachita kuitana pakati pa masamba. Pa chithunzi chimene kamera yachotsa yokha mitundu, zipatso ndi masamba zimangokhala chimodzimodzi, moti munthu sangadziwe kuti khofi wapsa kapena ayi. Chimodzimodzi mizere ya fodya pa dothi lofiira mu Januwale, chimodzimodzi tomato pa mtengo wake. Ngakhale mbendera yathu yomwe: mzere wofiira ndi wobiriwira imatsala pang'ono kufanana, ndipo dzuwa lofiira lija limangotsala pang'ono kumira mu mzere wakuda. Aphunzitsi a Geography amadziwa bwino zimenezi, chifukwa mapu okongola a m'buku akadutsa pa fotokope amasanduka phala, ana n'kumalephera kusiyanitsa nkhalango ndi minda pa mayeso.

Munthu amene wasunga mitundu vuto limeneli alibe. Ali ndi zithunzi zitatu zija m'manja mwake, ndipo angathe kusankha yekha kuti atenge zochuluka bwanji kwa chilichonse. Akachulukitsa kufiira, zipatso za khofi zimawala ngati mikanda pakati pa masamba akuda. Akachulukitsa kubiriwira, masamba ndi amene amawala, zipatso n'kuda ngati nthudza. Zithunzi ziwiri zosiyana kotheratu, zonse zochokera ku kudina kumodzi. Ojambula akale a filimu ankachitanso zomwezi, koma ankayenera kuganiza asanajambule, n'kumangira galasi lachikasu, lofiira kapena lobiriwira kutsogolo kwa kamera. Lamulo lake ndi limodzi lomwe timaphunzitsa pa mutu wa kuwala: sefa imalola kuwala kwa mtundu wake kudutsa, n'kutsekereza kwa mitundu inayo. Galasi lofiira limadetsa thambo la buluu, mitambo yoyera n'kutumphuka. Limathandizanso mu Okutobala, pamene utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba chigwa chonse mpaka mapiri a Nyika osaoneka bwino. Kuwala kwa buluu kumamwazika kwambiri mu mpweya wotere kusiyana ndi kofiira, choncho mukatenga gawo lofiira lokha la chithunzi, mapiri amene anali ngati abisala amabwerera ndi mikwasa yake.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri si khofi kapena mapiri. Ndi nkhope zathu. Aliyense wa inu ali nacho chithunzi cha kalasi chimene chinajambulidwa masana dzuwa lili paliwombo: malaya oyera ali mbuu, nkhope zili bii, kungooneka mano a amene anaseka. Kamera ikamayeza kuwala imafuna kuti zonse zikaphatikizidwa zikhale zotuwa pakatikati. Ikaona malaya oyera makumi anayi ndi khoma la laimu kumbuyo, imaganiza kuti kwawalitsa, n'kuchepetsa kuwala, ndipo zoyamba kumira ndi nkhope. Nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Kwa zaka zambiri, malo otsukira zithunzi ankayeza makina awo pogwiritsa ntchito makhadi a Kodak odziwika ndi dzina loti Shirley, amene anali ndi chithunzi cha mayi wachizungu, ndipo makhadi okhala ndi anthu a khungu losiyanasiyana anadzabwera m'ma 1990. Zipangizo zambiri zojambulira zinakula zisakuganizira khungu ngati lathu.

Khungu lakuda limamwa kwambiri kuwala kwa buluu, n'kubweza kofiira kochulukirapo. Ndiye mukatsegula zithunzi zitatu zija chimodzichimodzi, mupeza kuti m'gawo la buluu nkhope ndi yakuda kwambiri ndipo kachipsera kalikonse kakuonekera, pomwe m'gawo lofiira nkhope yomweyo ndi yowala, yosalala, maso ndi masaya zikuoneka bwino. Amene wasunga mitundu angathe kukweza kufiira pang'ono, nkhope za ana zija n'kutuluka mu mdima popanda kuwononga malaya. Sindikunena zoyeretsa anthu ngati mafuta aja, ayi. Ndikunena zoti munthu aoneke mmene alili, kuti mayi ake amuzindikire. Amene akufuna kuona mmene khungu lathu limakongolera pa chithunzi chakuda ndi choyera afufuze ntchito za Seydou Keïta ndi Malick Sidibé, ojambula a ku Bamako m'dziko la Mali. Sidibé analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice mu 2007 chifukwa cha zithunzi za achinyamata wamba ali ku madansi ndi mu situdiyo yake. Anthu a m'zithunzi zimenezo amaoneka olemekezeka, nsalu zawo zikuwerengeka ulusi, nkhope zikuwala.

Pali chinanso chaching'ono cha masamu. Fayilo ya JPEG imasunga masitepe 256 okha kuchoka pa kuda kufika pa kuyera, pa mtundu uliwonse. Fayilo yosaphika, imene amaitcha RAW, imasunga masitepe 4,096 kapena 16,384 kutengera kamera. Mukatenga JPEG imene yachotsedwa kale mitundu n'kuyamba kuikoka kuti muwalitse apa ndi kudetsa apo, masitepe aja amatha msanga, ndipo thambo limayamba kuoneka mizeremizere ngati malata. Ufa ukakhala wochuluka mungathe kuphika nsima, phala kapena chigumu. Nsima ikapsa, yapsa.

Tsopano ndiwapatse mpata a mbali inayo, chifukwa mfundo zawo si zopepuka. Iwo amati chithunzi chabwino chakuda ndi choyera chimabadwa m'diso, osati pa kompyuta. Zoona zimenezo. Mitundu imanyenga. Chitenje chowala kapena dzuwa lolowa zimatha kukometsa chithunzi chimene chilibe kanthu, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mukaichotsa mitundu pa sikirini musanajambule, mumakakamizika kuona zimene zatsala: kuwala kukuchokera kuti, mthunzi wagwa pati, mizere ikuloza kuti, kumbuyo kwa munthuyo kuli chiyani. Mumayamba kuona kuti kuwala kolowera pa zenera la kalasi m'mawa kumaumba nkhope ya mwana bwino kuposa dzuwa la pabwalo. Mumaona masamba a fodya ali lende m'chigafa, kuwala kukudutsa m'mipata ya udzu. Mumaona manja a gogo akusenda chinangwa, nkhope ya munthu wochokera ku mgodi wa malasha ku Mchenga, nkhungu ikukwera kuchoka pa mtsinje wa Rukuru m'mwezi wa Juni. Zinthu zimenezi munthu wozolowera mitundu amazidutsa. Diso lathu lomwe limadziwa kuona motere, chifukwa usiku wa mwezi ma cones amagona, ma rods okha ndi amene amagwira ntchito, ndipo tonse timayenda m'dziko lakuda ndi loyera popanda kusochera.

Amatinso mawu akuti "ndidzakonza pambuyo pake" ndi amene amalemetsa mafoni ndi zithunzi zikwizikwi zimene palibe adzazitsegulenso. Apanso sakunama. Kuno magetsi ndi a mwayi, laputopu ndi ya sukulu ndipo ili ndi ntchito zina, nthawi ya mphunzitsi yatha ndi masikimu ndi kuchonga. Munthu amene wasankhiratu amamaliza ntchito pomwepo. Ndipo kusankhiratu kumaphunzitsa kudekha. Ojambula aja ankayenda pa njinga m'masukulu ndi m'matchalitchi, kamera ili pakhosi, anali ndi mwayi 36 wokha pa filimu imodzi, ndipo filimuyo inkayenera kupita ku tauni kukatsukidwa, ife n'kudikira masabata. Munthu wotero sankadina mwachisawawa. Ankakukonza kolala, kukusuntha kuti dzuwa likhale kumbali, n'kudikira mpaka utasiya kuphethira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zonsezi ndikuvomera. Koma taonani bwino: mfundo zonse za mbali imeneyi zikunena za diso ndi khalidwe la wojambula. Palibe ngakhale imodzi imene ikufuna kuti mitundu itayidwe. Munthu angathe kuphunzitsa diso lake popanda kuwotcha nkhokwe. Ngakhale Sebastião Salgado wa ku Brazil, amene anamwalira mu 2025 ndipo dziko lonse limamudziwa ndi zithunzi zakuda ndi zoyera, atasiya filimu mu 2008 ali m'kati mwa ntchito yake yotchedwa Genesis, ankajambula ndi kamera ya digito ya masefa omwe aja, zithunzi n'kumasinthidwa pambuyo pake. Diso lake linali litaphunzira kale kuona phulusa pamene ena akuona mitundu.

Apa ndi pamene pakubwera chifukwa chachiwiri chija, cha udindo. Chithunzi si cha wojambula yekha. Ndi cha wojambulidwa, ndi cha ana ake, ndi cha anthu amene sanabadwe. Pitani ku Livingstonia, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894, mukalowe mu Stone House muone zithunzi zakale zili m'menemo. Muona ana a sukulu, amisiri, aphunzitsi oyambirira, makolo athu enieni. Mukayang'anitsitsa muyamba kufunsa mafunso amene chithunzi sichingayankhe: nsalu imene mayiyu wavala inali ya mtundu wanji? Mikanda iyi inali yofiira kapena ya buluu? Kumwera, Mungo Murray Chisuse, amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre ndipo amatchulidwa kuti ndi Mmalawi woyamba kudziwika pa ntchito yojambula zithunzi, anatisiyira nkhope ya John Chilembwe ndi banja lake. Popanda zithunzi za nthawi imeneyo, nkhope imene ili pa K500 ndi K2,000 ikanakhala yongopeka. Chithunzi china cha mu 1914, cha Chilembwe atavala chipewa ataima ndi mmishonale John Chorley, ndi chimene Samson Kambalu anatengera poumba chiboliboli chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Taonani kutalika kwa ulendo wa chithunzi chimodzi! Anthu amenewo sanatimane mitundu, analibe. Ife tili nayo m'thumba, ndiye tiitaye dala?

Wina anena kuti masiku ano kuli mapulogalamu obwezeretsa mitundu pa zithunzi zakale. Alipodi, ndipo ena mwa inu mwatitumizirapo zithunzi za agogo anu zitapakidwa motero. Koma pulogalamuyo sikumbukira, imalota. Imaona phulusa n'kuganiza kuti mwina apa panali buluu, chifukwa pa zithunzi zina zimene inaphunzirapo malaya otere ankakhala a buluu. Ingathe kumuveka munthu mtundu wa chipani chimene ankadana nacho moyo wake wonse, ndipo kwathu kuno tonse tikudziwa kuti mtundu wa nsalu umalankhula. Umanena mpingo wa munthu, chipani chake, sukulu yake, timu imene amaikonda, ngakhale chaka chimene chitenje chakutichakuti chinatchuka. Amayi a Umanyano okha ndi amene sangadandaule, chifukwa yunifolomu yawo ndi yoyera ndi yakuda kale. Kwa ena tonsefe, madzi akatayika saoleka.

Palinso zithunzi zimene mtundu ndiwo uthenga wake wonse. Mlimi wa fodya amasankha magiredi poyang'ana mtundu wa tsamba, ndipo mtengo wa belo ku okushoni ku Mzuzu umatsata pomwepo. Tsamba la chimanga likachita chikasu kuyambira kunsonga, mlangizi amadziwa kuti mbewu ikusowa nayitirojeni, likachita kufiirira kopita ku pepo amaganizira za fosifolasi. Mphunzitsi wa Agriculture kapena Biology amene akusonkhanitsa zithunzi zophunzitsira sayenera n'komwe kuyandikira batani la Monochrome. Chimodzimodzi amene akujambula denga limene lasasuka ndi mphepo kapena mlatho umene wakokoloka kuti atumize ku maofesi: kumeneko akufuna umboni, osati luso.

Ndiwonjezere mfundo imodzi imene ena mwina sagwirizana nayo. Chithunzi chakuda ndi choyera chimabweretsa kulemera ndi kachisoni kena, ndipo chimachititsa zinthu kuoneka zakale. N'chifukwa chake alendo ena akafika m'midzi mwathu amakonda kutijambula motero, mwana wopanda nsapato ataima pa khomo la nyumba ya udzu, n'kupita nazo kwawo. Mwanayo mwina anali atavala malaya achikasu owala, kumbuyo kwake kuli nthochi zobiriwira ndi thambo loyera bwino, iye akuseka mphindi imodzi m'mbuyomo. Kuchotsa mitundu ndi kulankhula, ndipo nthawi zina ndi kunena zimene mwini nkhope sakanavomera. Ifenso tikamajambula ana a sukulu ndi makolo awo tizidzifunsa kuti tikuwanenera chiyani. Mukasunga cha mitundu, mwasiya khomo lotsegula kuti mwini wake adzanene yekha kuti "ine ndikufuna ichi".

Nanga tichite bwanji? Njira ilipo yokhala ndi zonse ziwiri, ndipo apa mapanga awiri savumbwitsa.

Choyamba, amene muli ndi kamera yeniyeni, sankhani RAW+JPEG, kenako muike pa Monochrome. Sikirini izikuonetsani zakuda ndi zoyera, JPEG ituluka yotero, koma RAW isunga mitundu yonse. Mafayilo a RAW ndi aakulu kangapo kuposa a JPEG, choncho memori khadi ikhale yokwanira.

Chachiwiri, amene mumajambula ndi foni, chenjerani ndi mafyuluta a m'kamera. Mafoni ena amalola kubwezera chithunzi mmene chinalili, ambiri salola. Yesani ndi chithunzi cha chabechabe musanapite nayo ku ukwati wa mchemwali wanu. Koma pali kanzeru kena kosavuta: mafoni ambiri a Android ali ndi malo m'masetingi, kawirikawiri pansi pa Accessibility kapena Digital Wellbeing, pomwe mungasandutse sikirini yonse kukhala yotuwa. Mukatero, maso anu aziona zakuda ndi zoyera pojambula, koma foni izisunga zithunzi za mitundu, chifukwa chasintha ndi sikirini yokha. Pomwepo mkangano wonse uja watha popanda kulipira tambala.

Chachitatu, posintha musangotsitsa mitundu mpaka pa ziro, chifukwa kutero n'kubwerera ku muyeso wa wina uja. Pa foni, Snapseed ndi yaulere, ndipo pa gawo lake la Black & White pali masefa ofiira, achikasu, obiriwira ndi a buluu oti muyese limodzilimodzi. Pa kompyuta, GIMP nayonso ndi yaulere ndipo ili ndi Mono Mixer, pomwe mumadziikira nokha muyeso wa mitundu itatu ija. Nthawi zonse sinthani kope, choyambacho chisiyeni mmene chilili.

Chachinayi, palibe pulogalamu imene ingakonze kuwala koipa. Ana aimikeni pa mthunzi wa mtengo wa mango kapena pakhonde, osati padzuwa la masana, ndipo dinani pa nkhope pa sikirini kuti foni iyeze kuwala kwa nkhopeyo osati kwa malaya. M'mawa ndi chakumadzulo ndiye nthawi yabwino.

Chachisanu, potumiza chithunzi chofunika pa WhatsApp, chitumizeni ngati Document kuti chisafinyidwe. Ndipo lembani penapake mayina a anthu, malo ndi chaka. Zithunzi zambiri zakale zimene zili m'masutikesi mwathu zinataya mayina zisanataye china chilichonse.

Kwa anzanga ophunzitsa sayansi, nkhani yonseyi ndi phunziro la mphindi 40 losafuna labu. Pezani timapepala toonekera tofiira ndi tobiriwira, ngati tija tokutira masiwiti, tomato wakupsa mmodzi ndi masamba a mpiru. Ikani foni pa kujambula zakuda ndi zoyera, mujambule tomato ali pa masamba katatu: popanda kanthu, kudzera m'kapepala kofiira, kenako kobiriwira. Musanawaonetse zotsatira, ana alembe zimene akuganiza kuti zichitika ndi chifukwa chake. Mwana amene waona tomato akuyera pa chithunzi china n'kuda pa chinzake sadzaiwalanso tanthauzo la sefa ya kuwala, ndipo adzakhala ataphunziranso chinthu china chimene sichili pa silabasi: kuti chithunzi si choonadi chonse, pali munthu amene anasankha kuti chioneke motero.

Ndiye inu ana athu, pitirizani kutitumizira zithunzi zanu zakuda ndi zoyera, zina mwa izo n'zokongoladi moti zikanayenera kupachikidwa pakhoma. Koma za mitundu zija musafufute. Zisungeni pa malo awiri, china pa foni china pa fulashi kapena pa intaneti. Tsiku lina mwana wanu adzakufunsani kuti diresi la ukwati wa amayi ake linali ndi maluwa a mtundu wanji, ndipo ndi bwino mudzakhale ndi chomuonetsa.

Teremu yafika pakati, mayeso ali pafupi, tilimbike.